Kagalasi Kozondoka

Ku Halvor munthu akafuna kukuponyera mowa sakufunsa ngati uli ndi ludzu. Amangomugwedezera mutu Shawna, mtsikana wogulitsa m'bala, ndipo Shawna amatenga kagalasi ka toti kopanda kanthu n'kukazondotsa patsogolo pako. Basi. Kagalasiko kamakhala pamenepo n'kumakuyang'ana mpaka utakakankhira kwa Shawna kuti akuthirire. Ukakasiya osakakhudza n'kutuluka, ndiye kuti wamutukwana mwini wake, ndipo anthu a kuno ku Minnesota akatukwanidwa sakalipa ayi. Amangoleka kukukwezera dzanja mukakumana pamsewu, mpaka mmodzi wa inu adzalowe m'manda.

Marlys Tollefson ankadana nako kagalasi kameneka kuposa mmene ankadanirana ndi burande yemwe.

Mwamuna wake, Duane, ndiye ankazunguza gudumu la maere a nyama Lachisanu lililonse. Gudumulo analipanga yekha m'galaja kalekale, zala zake zikadali zonse khumi, n'kulipaka utoto wofiira wotsala pa galimoto ya ozimitsa moto. Anthu amagula matikiti a manambala, Duane azunguza, nambala yako ikagwa watenga phukusi la masoseji kapena nthuli za nkhumba, phindu n'kupita kwa ozimitsa moto a m'tauni. Ndipo chiyambire mwambo wake ngwakuti wopambana amaponyera wozunguza gudumu. Madzulo amodzi maphukusi amatuluka khumi ndi kaya angati. Zinazo werengani nokha.

Zala ziwiri za kumanzere zinapita chaka chimene Duane anagona m'chipale chofewa kuseri kwa positi ofesi, chisanu chikuthyola nthambi za mitengo. Marlys anamupeza kukungoyera, anamugubuduzira pa chilei cha ana choseweretsa m'chipale, n'kumukoka mpaka kunyumba. Makatani a m'nyumba zonse za msewu wawo anagwedera, koma chitseko ngakhale chimodzi sichinatseguke. Chileicho sichinabwererenso kwa ana. Chinkakhala kumbuyo kwa pikapu, ndipo ntchito imeneyo chinaigwira kangapo.

Kusiya anayesa, bamboyu tisamunamizire. Anayesa kukhala panyumba, ndipo umenewo unali mwezi woipa kuposa miyezi yonse. Ankangokhala m'galaja kuyang'ana khoma, osalankhula, osameta, mpaka Marlys anadzapeza mabotolo m'jombo zake zophera nsomba. Kubala ankamwa ndi anthu, m'galaja ankamwa yekha ndipo ankamwa kawiri. Anayesanso kupita kubala n'kumasinthitsa timagalasi tija ndi zoziziritsa kukhosi. Apo ndiye Vern, mnzake wa pamtima, sankamupatsa mpata. "Shawna, mwanayu umuikirenso kaudzu koyamwira, angadzithire pamalaya." Botolo lachinayi la madzi a shuga mimba yatupa, manja akunjenjemerabe, anzako akuseka. Mapeto ake ankadziwika.

Kenako adokotala anamuonetsa chithunzi cha chiwindi chake n'kumuuza mosapsatira kuti akabwereranso ku botolo asadzavutike n'kubwera kuchipatala, adzangopita kwa ogulitsa mabokosi. Chaka chomwecho boma la Minnesota linaloleza zakumwa za m'zitini zothira chamba pang'ono, chamba chija amalima poyera masiku ano. Shawna anaika zitini zingapo m'firiji, pansi pa mowa. Lachisanu lina Vern anapambana masoseji, kagalasi kanazondoka, Duane anakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Tandipatsa chachitinicho." Vern anatsegula pakamwa kuti aseke koma anasowa poyambira, chifukwa chakumwacho chinali cha akuluakulu, ndipo iye mwini ankachiopa. Kuyambira tsiku limenelo kagalasi kakazondoka, Duane ankalandira chitini. Woponya ankakhutira, wolandira ankafika kunyumba. Nyengo yachisanu inadutsa kawiri burande osakhudza mlomo wake.

Tsono Marlys anali mkulu wa amayi ophika kutchalitchi cha Lutheran, mayi woti mawu akuti chamba sankawatchula osatsitsa mawu. Koma maso anali nawo. Mwamuna wake ankafika ndi miyendo yake, akuseka zopanda mutu. Ankaimirira pafiriji n'kumaliza botolo lonse la nkhaka zoviika m'viniga, n'kumuuza mkazi wake kuti mphaka wawo ali ndi nkhope ya woweruza milandu, kenako n'kukagona. Ngati ameneyu ndi satana, Marlys ankatero mumtima, ndiye ndi satana waulesi, msiyeni akhale.

Bala la ku Halvor ndi la tauni. Si la munthu ayi, ndi la khonsolo, ndipo phindu la mowa ndi limene limakonza misewu ndi kugula mchere wothira pachipale. Lamulo la boma linasiyira tauni iliyonse kusankha chimene bala lake ligulitse. Ndiye a Meya Gordon Lindquist, eni sitolo ya misomali ndi utoto, anapita kumsonkhano wina kulikulu, anakadya bwino, n'kubwerako ndi moto m'maso. Tauni ya anthu opemphera, iwo anatero, singamagulitse mankhwala ozunguza bongo.

Arlene, mnzake wa Marlys wa kukhitchini ya tchalitchi, anaimba foni. "Mukalankhuleko kumsonkhano wa khonsolo, anzanga. Inu mawu anu amamveka. Mwaonapo zambiri za zoledzeretsazi."

"Ndikalankhula," anayankha Marlys.

Msonkhano unachitikira m'holo ya ozimitsa moto, mipando atayala pambali pa galimoto yofiira. A Meya anawerenga zimene anamva kulikulu, anthu akugwedeza mitu, makapu a khofi ali m'manja. Duane anakhala kumbuyo, chipewa chili pabondo. Itafika nthawi ya ndemanga, Marlys anaimirira atavala juzi yake ya Lamulungu, Arlene akumumwetulira.

"A Meya, ndili ndi funso limodzi. Burande nayenso akuchoka?"

"Ayi, mayi Tollefson. Nkhani ya lero ndi ya zitini."

"Ndiye mukuchotsa chimene chimandibwezera mwamuna kunyumba ndi miyendo yake, n'kusiya chimene chinamudya zala."

Kumwetulira kwa Arlene kunauma. A Meya anatsokomola. "Mowa ngwozolowereka, mayi. Aliyense amadziwa malire ake."

"Malire ake ndimawadziwa ine. Ali kuseri kwa positi ofesi."

Wina anaseka n'kubisa chisekocho m'kapu. A Meya anati tiganizire ana, chifukwa zitinizo zimaoneka ngati zoziziritsa kukhosi.

"Ana ake ati? Shawna salola mwana kudutsa pakhomo la bala. Ana anga ine anakulira pawindo kudikira bambo awo, ndipo mowa umene unkawachedwetsawo unkagulitsidwa ndi khonsolo yomweyi. Pamenepo palibe anaitanitsa msonkhano."

"Maganizo anu tawamva, mayi."

"Simunawamve. Mwangodikira kuti ndimalize."

Kuno zoterezi sizinenedwa pagulu. Munthu amatha kufa ndi nkhani m'khosi koma osailavula pamaso pa anthu. M'holomo aliyense ankangoyang'ana nsapato zake. Povota manja a makhansala anakwera onse, kupatula la mkulu wa ozimitsa moto, amene nthawi yomweyo cholembera chake chinagwera pansi pa tebulo ndipo anachedwa nacho kumeneko mpaka kuwerenga kutatha. Zitini zinatuluka m'firiji m'mawa mwake.

Tsiku lomwelo Marlys anapeza mbale zitatu za nyama yogaya ndi mbatata pakhomo, zokulunga bwino m'nsalu, monga amachitira pakagwa maliro. Ndiko kulankhula kwa amayi a ku Halvor. Tanthauzo lake linali lakuti takukhululukirani, mutu wanu sukuyenda bwino. Mbale ya maluwa abuluu anaizindikira kuti ndi ya Arlene. Anainyamula ili yodzaza choncho, anakaitula pakhomo pa mwini wake n'kuliza belu, osadikira.

Duane sabata yonseyo sanatchule za msonkhano. Marlys ankadziwa kuti anamuvula mwamuna wake pagulu, ndipo zinkamupweteka, koma sanapepese. Lachinayi pa chakudya chamadzulo ndi pamene Marlys anayamba nkhani.

"Mawa musapite, bambo."

"Gudumu azunguza ndani?"

"Vern manja ali nawo."

"Vern amazunguza ngati akutsegula chitseko cha chimbudzi." Duane anakankha mbale. "Ndikakhala pano mukudziwa komwe ndimathera, mayi. M'galaja."

"Nanga timagalasi tija?"

"Ndizikamwa khofi."

Marlys za khofi anazimvapo kale, za madzi a shuga anazimvapo kale. Mantha anamugwira, mantha akale aja omwe ankaganiza kuti anawaiwala, ndipo pamwamba pa manthawo panali mkwiyo. Munthuyu anadzipezera yekha njira, kanjira kakang'ono kopusa ka m'chitini, ndipo anthu oti sanakokepo chilei anakweza manja n'kukatseka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachisanu masana Marlys anayendetsa galimoto yake kupita kutauni yoyandikana nayo, kumene zitini zomwezo zimagulitsidwa m'golosale pafupi ndi mkaka, popanda wina kugwa nazo khunyu. Anagula zinayi n'kuziika m'chikwama chake cha kutchalitchi, pamwamba pa buku la nyimbo. Pobwerera dzuwa linali litalowa kale, monga lichitira m'nyengo yachisanu anthu asanaweruke n'komwe. Galimoto anaisiya kunyumba n'kuyenda wapansi. M'bala la ku Halvor anali atalowamo kambiri, koma nthawi zonse kudzatenga munthu. Kukhala pansi anali asanakhalemo.

Maere anali pakati. M'bala munali modzaza, majekete ataunjikidwa pa tebulo la pool, fungo la mafuta okazingira ndi mowa lili kununkha. Marlys anamuona Duane ataima pafupi ndi gudumu lake. Patsogolo pake panali kapu ya khofi wozizira, timagalasi titatu tozondoka, ndi kamodzi koimirira, kodzaza mpaka m'milomo. Dzanja lake la zala zitatu linali pa kauntala pafupi ndi kagalasiko. Silinkakakhudza, koma silinkachokanso.

"Kamodzi kokha sikapha munthu, achimwene," Vern ankatero, atakumbatira nkhukundembo yowuma ndi chisanu ngati khanda. "Ine ndapambana chinthu chachikulu muno. Mundikanire ine?"

Shawna atamuona Marlys anagwetsa nkhope. "Andikakamiza, mayi. Ndinawauza."

Marlys anatsegula chikwama, anatulutsa chitini chimodzi n'kuchiika pakati pa dzanja la mwamuna wake ndi kagalasi kodzaza kaja. Phokoso linayamba kuzima kuyambira pa kauntala mpaka kukhomo.

"Mayi Tollefson." Anali a Meya, pa tebulo lawo la pakona, matikiti ali ndandanda patsogolo pawo. "Chakumwa chakunja sichitsegulidwa muno. Wotsegula ndi wobweretsa amaletsedwa kulowa chaka chathunthu. Limenelo si lamulo langa, ndinalipeza."

Travis, wapolisi mmodzi yekhayo wa ku Halvor, mwana wa mchimwene wake wa Marlys, anali pomwepo ndi yunifolomu yake, tikiti ili m'manja. Anayandikira n'kunong'ona. "Azakhali, chonde. Musandiike pamoto. Chibwezereni m'chikwama."

Apa Marlys anaona bwinobwino mmene zinthu zinalili. Chitini chikatseguka, Duane achoka m'bala chaka chonse, ndipo kumene akathere ndi m'galaja ndi jombo zake. Chikapanda kutseguka, kagalasi kali apo, ndi tinzake titatu tikudikira, ndipo maphukusi a nyama akadalipo. Njira zonse ziwiri zinkathera kwa ogulitsa mabokosi. Anayang'ana nkhope za anthuwo, anthu oti ena anawaphikira pa maukwati awo, ena pa maliro a makolo awo, onse ali duu kudikira kuti aone Duane Tollefson achita chiyani. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu.

Anavula magolovesi, anakoka mpando wautali n'kukwerapo movutikira. Kenako anatenga kagalasi kodzaza kaja n'kukapendekera kukamwa.

Mayiyu moyo wake wonse choledzeretsa chimene anachidziwa chinali kadontho ka vinyo wa mgonero. Burande anatsika ngati makala. Anatsokomola mpaka misozi, anagwira kauntala ndi manja awiri, mphuno ikutuluka madzi. Atapeza mpweya anatembenukira kwa Vern.

"Zikomo, a Vern. Banja la Tollefson lalandira." Anakankha kagalasi kozondoka koyamba. "Thira, mwana wanga."

"Mayi..."

"Thira. Khonsolo yati uwu ndiye wabwino, uwu ndiye wa anthu opemphera. Muno sakanidwa munthu, mwambo ndikuudziwa. Kagalasi kalikonse kamene mumuzondotsere mwamuna wanga ndimwa ndine. Lero, Lachisanu likubwerali, ndi linalo. Chiwindi changa n'chatsopano, sichinagwirepo ntchito."

Shawna anathira. Marlys anamwa. Kachiwirika sikanawotche ngati koyamba, ndipo zimenezo zinamuopsa.

"Basi, mayi," anatero Duane chapansipansi. "Mwamveka."

"Zunguzani gudumu, bambo. Anthu akudikira nyama."

Duane anazunguza. Gudumu linalira kwe-kwe-kwe n'kuima. Wopambana anali mnyamata wina wa kufakitale ya tchizi, amene anatenga masoseji ake n'kuthawira kuchimbudzi osayang'ana kwa Shawna. Aka kanali koyamba chiyambire maere kuti munthu apambane osaponya. Marlys anakankha kagalasi kena.

Kachitatu katatsika, bala linayamba kupendekeka pang'ono chakumanzere. Marlys anamva kutentha kokoma m'mapewa, ndipo lilime linamasuka lokha. Anaona mwamuna wa Arlene atabisala kuseri kwa mzati.

"Inu bambo, mukawauze akazi anu kuti buledi amabweretsa kutchalitchi uja amagula kusitolo. Tonse timadziwa. Amangomusamutsira m'nsalu."

Anthu anaseka ndithu, ngakhale Travis anatembenukira kukhoma mapewa akugwedera. Marlys nayenso anaseka, anafuna kuloza mwamuna wa Arlene uja, mpando n'kumuthawa. Anagwa chammbali, bondo n'kumenya chitsulo chopondera, nsapato imodzi n'kuuluka. Kuseka kunaduka pomwepo. Ali pansipo anaona makoko a mtedza, matope a m'jombo za anthu, chingamu chomata kunsi kwa kauntala. Anadziwa kuti kumeneku ndi kumene mwamuna wake ankayang'ana zaka zonse zija, anthu omwewa ataimirira pamwamba pake chonchi. Chisoni chinamubaya, koma sanalire. Juzi ya Lamulungu inali itanyowa m'chigongono.

Travis anamudzutsa. "Tiyeni ndikakutuleni kunyumba, azakhali."

"Ndalakwira lamulo liti? Ndikumwa mowa wa tauni, m'bala la tauni. Mwina ndikukonzetsa msewu wa kwanu." Anakweranso pampando, nsapato imodzi, n'kukankha kagalasi kotsala. Shawna anathira theka. Marlys anamuyang'ana mpaka anadzaza.

Panatsala phukusi limodzi, nthiti za nkhumba, lalikulu la tsikulo. Duane anayang'ana mkazi wake, tsitsi litamasuka, diso limodzi likutsinzina lokha, kagalasi kachinayi kali gwa pa kauntala kopanda kanthu. Anagwira gudumu n'kulizunguza mwaukali moti linatsala pang'ono kuzuka pakhoma. Linazungulira, linazungulira, n'kuyamba kufooka. Litaima Duane anatchula nambala, ndipo palibe anayankha. Anaitchulanso. Pakona paja dzanja linakwera pang'onopang'ono, tikiti ili pakati pa zala. Anali a Meya.

Mitu yonse inatembenuka. A Lindquist si munthu woipa mtima, tinene zoona, koma ndi munthu woti akalakwa njira amayendabe mpaka kunyanja kuopa kuti anthu angamuone akubwerera. Shawna anakawatulira nthiti zawo. Iwo anayang'ana Marlys, anayang'ana anthu amene amawavotera, nkhope itafiira mpaka m'dazi.

"Mwambo ndi mwambo," anatero, n'kumugwedezera mutu Shawna.

Shawna anapinda manja, osasuntha. A Meya anadzuka okha, anafika pa kauntala, anatenga kagalasi pa thireyi n'kukazondotsa patsogolo pa Duane, kenako n'kubwerera pampando wawo.

Marlys anakatembenuza. "Thira, mwana wanga. A Meya asanyozeke."

Shawna anathira, wina n'kutayikira pa kauntala. Marlys anatambasula dzanja, koma timagalasi tinali tiwiri tsopano ndipo anagwira kolakwika, kamene kunalibe. Pamene ankayesanso, dzanja la zala zitatu linali litafika kale.

Duane ananyamula kagalasiko.

Mowa wonse unamuchoka Marlys m'mutu nthawi imodzi. Zonse anachitazi, manyazi onsewa, zinathera apa. Anafuna kulumpha, koma anangoti, "Duane," dzina lokha, mmene ankamuitanira asanakwatirane.

Duane anakweza kagalasiko mpaka pamphuno. Anatsinzina. Aliyense anaona kholingo lake likukwera n'kutsika. Anaima choncho nthawi yaitali moti firiji inamveka kulira kwake. Kenako anatsegula maso, anayenda pang'onopang'ono kuti asataye ngakhale dontho, anthu akumupatukira, mpaka pa tebulo la pakona. Anakazondotsa kagalasiko kali kodzaza pamwamba pa phukusi la nthiti. Burande anayenderera papepala, pa matikiti, n'kudonthera pa thalauzi la a Meya.

"Ndakubwezerani, a Gordon," anatero. "Ndipo pamsewu musavutike n'kukweza dzanja."

Ku Halvor chinthu chotere chinali chisanachitikepo. Vern anakhala pansi ndi nkhukundembo yake. Duane anabwerera pa kauntala, anatenga chitini chija, anachitsegula ndi chala chachikulu, tsii, n'kumwa kamodzi.

"Gwira ntchito yako, Travis."

Travis anavula chipewa, anachivalanso. "Chaka chathunthu, amalume. Nonse awiri. Pepani."

"Usapepese, wanena bwino."

Anatulutsa kampeni m'thumba n'kuyamba kumasula zomangira gudumu pakhoma. A Meya, akupukuta thalauzi, anati gudumulo ndi katundu wa tauni.

"Tauni inakhomapo msomali uti?" anafunsa Duane osatembenuka. A Meya anayang'ana kwa mkulu wa ozimitsa moto kuti awathandize, koma mkuluyo china chake chinali chitamugweranso pansi pa tebulo.

Panja chisanu chinamumenya Marlys kumaso ngati mbama. Anafika pa mtengo wa magetsi n'kusanza zonse, burande wa Vern, wa enawo, ndi chakudya chamasana. Duane anatsamiritsa gudumu pa pikapu, anamugwira pamphumi ndi dzanja lopunduka lija, linalo likumusisita pamsana. Shawna anatuluka wopanda jekete, anamuveka Marlys nsapato yake ija ndi magolovesi, anamukoleka chikwama m'khosi, n'kuthamangira m'kati.

"Zoipa bwanji zinthu zimenezi," anatero Marlys akupukuta pakamwa. "Zaka zonsezi mumafera zimenezi?"

"Mawa ndiye mudzazidziwa bwino."

Marlys kuyenda kunamukanika. Duane anayang'ana makiyi a pikapu, anayang'ana chitini chimene anali atalawa, n'kuwabwezera m'thumba. Anatsitsa chilei kumbuyo kwa pikapu, anakutumula chipale, n'kumukhazika mkazi wake. Gudumu analiika pamiyendo pake kuti aligwire. Kenako anakulunga chingwe m'dzanja n'kuyamba kukoka pakati pa msewu. Anadutsa positi ofesi onse awiri osayang'anako.

"Bambo."

"Ee."

"Munaufuna mowa uja?"

"Ndinaufuna."

"Nanga tsopano?"

"Ndikuufunabe." Anasintha chingwe kupita kudzanja lina. "Mwina mpaka kufa."

Marlys anakumbatira gudumu. Mantha aja anali asanachoke, anangosuntha malo. "Ndiye Lachisanu likubwerali mukakhala kuti? M'galaja ndakana."

Duane anakoka mpaka pa mphambano ya tchalitchi, mpweya ukutuluka ngati utsi. "Tikatulutsa bwato langa m'galaja muja n'kukhomamo gudumuli," anatero, "mukhoza kukwana anthu angati?"

"Odya nyama kapena oonerera?"

"Onse. Koma timagalasi ayi."

"Arlene asabwere."

"Abwera. Ndi buledi wake."

Analowa mumsewu wa kwawo. Nyumba yoyamba katani inagwedera, yachiwiri chimodzimodzi, mpaka msewu wonse. Chitseko sichinatseguke ngakhale chimodzi. Marlys anawongoka pachileipo, gudumu lofiira lili pachifuwa, zitini zitatu zikugundana m'chikwama, n'kuyamba kukwezera dzanja windo lililonse, limodzilimodzi, kuti mawa wina asadzanene kuti sanaone bwino.